Loweruka ku Likhubula: kuphunzira kupulumutsana kuphiri

Mikono ikuphwanya, koma ndilembe kaye ndisanagone. Lero tinaswera ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kuphunzira thandizo loyamba la kutchire. Ambiri anali anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu. Ife ongokwera phiri patchuthi tinali ochepa.

Aphunzitsi athu, mayi wachikulire amene anagwirapo unamwino, anayamba ndi funso: munthu akathyoka mwendo pafupi ndi nyumba yogona ya Chisepo, ambulansi ifika nthawi yanji? Tonse tinaseka. Kumtunda kulibe msewu, netiweki nayo imabwera ikafuna. Wovulala ukhala naye maola ambiri, mwina mpaka kucha, ndipo chomuthandizira ndi chomwe chili m'chikwama mwako basi.

Zotsitsimutsa munthu wosiya kupuma tinaphunzira pa chidole: kudinikiza pachifuwa ka 30, kuuzira mpweya kawiri, n'kuyambiranso. Zimatopetsa zedi.

Mkangano unabuka pa njoka. Bambo wina amene wakalambira m'phirili anati, "Mayi, kwathu mphiri ikaluma timamanga ndi luzi, n'kutema mphini kuti ululu utuluke." Aphunzitsi sanawanyoze. "Bambo, ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuwononga minofu. Mukamanga zolimba magazi sayenda, mwendo umawola, kuchipatala akangoudula." Osatema, osayamwa bala. Mumuvule nsapato ndi mphete asanatupe, mwendo muumangirire ku mtengo kuti usagwedezeke, ndipo mumunyamule, asayende yekha. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri. Bambo aja anangoti "tamva", koma nkhope yawo inali isanavomere.

Ine chandikhalira mumtima ndi kuzizira. Timaopa njoka, chonsecho chiperoni ndiye choopsa. Chimabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, dzuwa lija n'kuzimiririka, njira osaionanso. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi mamita 3,002. Kumeneko munthu wonyowa ndi wanjala sachedwa kufooka. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anamwalira ndi kuzizira atasochera komweko, ndipo anyamatawa nkhaniyo amaidziwa bwino. Zizindikiro zake zimanyengeza: kunjenjemera, lilime kulemera, kudzandira ngati waledzera, zala kukanika kumanga chingwe cha nsapato. Akasiya kunjenjemera thupi likadali lozizira, musati wapeza bwino, zafika poipa. Mumuvule zonyowa, mumufunditse mpaka kumutu, ndipo pansi muyale zikwama kapena udzu, chifukwa nthaka ndi mwala zimamwa kutentha kwa thupi. Ngati ali maso ndipo akumeza bwinobwino, tiyi wa shuga wambiri. Kachasu ayi. Apa anyamata anang'ung'udza, wina n'kuti ndiye jekete la amphawi, koma mowa umangokunamiza kuti wafunda pamene kutentha kukuthawira pakhungu.

Masana tinapanga machila: nsungwi ziwiri zolowetsa m'manja mwa majekete awiri otseka zipi. Anasankha ine kuti ndikhale wodwala. Anandimanga mwendo ndi timitengo ndi chitenje, n'kutsina chala chakuphazi kuti aone ngati magazi akufika. Kugona pamachila potsetsereka si masewera. Umangoona nsonga za mitengo zikupendama, kumva kupuma kwa okunyamula, ndipo wina akaterereka msana umadziwa. Mmodzi yekha ankandiyankhula njira yonse, "Achemwali, tikutsika pamwala, musaope," ndipo mantha ankachepadi. Aphunzitsi anati ameneyo ndiye wakhoza.

Chitenje chomwecho lero chakhala bandeji, chokolekera mkono, chofunda. M'chikwama changa ndiwonjezeramo ziwiri, pamodzi ndi magolovesi, tochi, wezulo, machesi okulunga m'pulasitiki ndi mapaketi a Thanzi obwezeretsa madzi m'thupi. Akatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Loweruka likubwerali ndi za zilonda zamoto, ndipo aphunzitsi achenjezeratu kuti wobwera ndi nkhani yopaka mankhwala otsukira mano kapena dzira pabala adzanyamula machila yekha.