Sabata ya chiperoni pansanja

Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe zambiri pansanja yathu yoongolera ndege. Ndege za ku Johannesburg ndi ku Lilongwe zinatera, zinanyamuka, ine n'kulemba m'buku n'kuweruka. Lachitatu chiperoni chinagwa. Phiri la Michiru, lomwe timaliona tsiku lililonse pawindo, linazimirira, ndipo kumapeto kwa runway, msewu womwe ndege zimathamangapo ponyamuka ndi potera, kunali kuyera mbuu.

M'mawa umenewo galimoto yathu inali pa runway, kutola timiyala ndi tizitsulo komanso kuthamangitsa mbalame. Kandege kena kakang'ono kanali katakonzeka. Ndinauza woyendetsa wake kuti aime pamzere, asalowe: "Hold short." Pobwereza iye anati, "Line up and wait." Thupi lonse linachita tsembwe. Kwa iye ndinali nditamulola kulowa, pomwe galimoto ija inali isanatuluke, ndipo ine sindinkaiona n'komwe. Ndinamudula pompo: "Negative, hold short." Anabwereza molondola, anaima.

Mtsikana amene akuphunzira ntchito pambali panga anandifunsa chapansipansi: "Akulu, mwamva bwanji? Ine ndinangomva kuti wayankha." Apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa. Khutu likazolowera, limamva zomwe wanena wekha, osati zomwe mnzako wabwereza.

Pankhomaliro ndinamufotokozera za ngozi ya ku Tenerife, chilumba cha dziko la Spain. Pa 27 Malichi 1977, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinaombana pa runway m'nkhungu ngati yomweyi, anthu 583 anafa. Ya KLM inayamba kuthamanga isanaloledwe, ya Pan Am ikadali panjira, ndipo a pansanja sankaona ndege ngakhale imodzi. N'chifukwa chake mawu oti "takeoff" timawatchula pomulola munthu kunyamuka kapena pochotsa chilolezocho basi; nthawi ina yonse timati "departure". Asaganize kuti ndi zakale: mu Januwale 2024 ku Haneda, Tokyo, ndege ya Japan Airlines inagunda ndege ya Coast Guard (gulu lolondera gombe la nyanja) yomwe inalowa pa runway popanda chilolezo, anthu 5 anafa.

Lachinayi ndinalemba lipoti. Ena amati bwanji kulemba poti palibe chinaonongeka, koma ine ndimalemba ndithu.

Lachisanu dzuwa linawala, Michiru n'kuonekanso. Mtsikana uja anagwira yekha wailesi, ine ndili kumbuyo kwake. Woyendetsa wina anabwereza nambala ya QNH (muyeso wa kulemera kwa mpweya, womwe umathandiza kudziwa kutalika kumene ndege ili) molakwika, iye anamukonza ine ndisanatsegule pakamwa.