Deti ya pa batire

Lolemba aphunzitsi athu analowa m'kalasi yathu ya zokonza ndege atanyamula kabokosi ka mtundu wa lalanje, kosaposa njerwa kukula, n'kukaika patebulo. "Werengani zonse zalembedwapo," anatero. Tonse tinathamangira manambala akuluakulu a mafunde a wailesi, 406 MHz ndi 121.5 MHz. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona timalemba tapakona tonena mwezi ndi chaka chimene batire lidzathere ntchito. Anangopukusa mutu n'kutiuza kuti tonse talephera.

Kabokosiko ndi ELT, kachipangizo kamene kamayamba kuitana pa wailesi ndege ikagwa. Mkati muli switchi imene imadziyatsa yokha ikamva kumenyeka kwamphamvu. Kakayaka, pafupifupi masekondi 50 alionse kamatumiza uthenga waufupi pa 406 MHz, wokhala ndi nambala yakeyake ya ndegeyo, ndipo masetilaiti a Cospas-Sarsat amaulandira n'kuupereka kwa opulumutsa. Kamaliranso pa 121.5, ndipo kulira kumeneku n'kolondolera osaka akafika pafupi. Asilikali ali ndi yawo ya 243 MHz, imene ndi 121.5 kuwirikiza kawiri.

Pa mahelikoputa a asilikali, amene ndikuwaphunzira temu ino, nkhani imavutirapo. Ndege yamapiko nthawi zambiri imagwa ikupita kutsogolo. Helikoputa ikhoza kugwa chammbali, chamchira, kapena kungotsika ngati mwala, choncho switchi yake iyenera kumva kumenyeka kochokera mbali zingapo. Eriyo ikathyoka kapena ikatsikiridwa pansi pa chiphwasu, uthenga sutuluka ngakhale kabokosi kali bwinobwino. Ndiponso kulira kumeneku sikusankha womva: kunkhondo mdani nayenso amakumva.

Koma chimene chandigwira mtima ndi deti ija. Kwathu ndi ku Chipata, ndipo ndikukumbukira usiku wa pa 10 June 2024, amayi akundiimbira foni mobwerezabwereza kuti, "Mwananga, yapezeka?" Ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene inanyamula a Saulos Chilima, wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi pa nthawiyo, inali itasowa pa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Anthu anachezera kusaka m'nkhalango ya Chikangawa, muli nkhungu, mpaka inapezeka tsiku lotsatira, anthu onse 9 atamwalira. Akatswiri a ku Germany atafufuza analemba kuti batire la ELT yake linatha ntchito mu 2004. Inalinso ya mtundu wakale wa 121.5 ndi 243 basi, mafunde amene masetilaiti analeka kumvera pa 1 February 2009.

Ine ndinkaona ntchito yolemba madeti m'buku la ndege ngati yotopetsa, yoyenera kungoithamangitsa kuti ndikagwire sipanala. Madzulo a Lolembalo, ndili mu minibasi pa Great East Road kubwerera ku Chelstone, ndinachita manyazi ndi maganizo amenewo. Tsiku lina dzina langa lidzakhala pansi pa mzere wonena kuti kabokosi kali bwino, ndipo woyendetsa adzanyamuka osakatsegula n'komwe, chifukwa wandikhulupirira.

Lachisanu tikayesa ELT mu hangala, mosungira ndege. Pa 121.5 amalola kuyesa m'mphindi 5 zoyambirira za ola, kulira katatu kokha, kuti oyang'anira kayendedwe ka ndege a ku tawala asaganize kuti kwagwa ndege yeniyeni. Ndapempha aphunzitsi kuti ine ndikhale wowerenga deti ya batire tisanayatse.