Za subwoofer zomwe ndaphunzira ku galaja

Sabata ino ku galaja komwe ndikuphunzira zamagetsi a galimoto ku Ndirande tinali pa subwoofer, sipika ya bezi, chinthu chija chimanjenjemeretsa magalasi a minibasi ikamakwera ku Limbe nyimbo ili pamwamba.

Nkhani yonse yagona pa mpweya basi. Kumbuyo kwa subwoofer kuli maginito wamkulu, pakati pake pali koyilo ya waya wa kopa yomwe inamatidwa ku koni, mbali ija yakutsogolo yooneka ngati mbale, ndiye magetsi ochokera ku ampu (chokuzira mawu) akamalowa mu koyilo mosinthasintha mbali koyiloyo imakankhidwa kutsogolo kenako kukokedwa mmbuyo, koni nkumatsatira, mpweya nkumagwedezeka. Bezi ya 40 Hz ndiye kuti koni ikupita ndikubwerera ka 40 pa sekondi imodzi. Khutu lathu limamva kuyambira cha mma 20 Hz kukafika 20,000 Hz, subwoofer imangotenga za pansi zokhazo, ambiri amadula pa 80 Hz pa crossover, chogawira mawu ku masipika, kuti mawu a oyimba ndi magitala azituluka mmasipika a mzitseko. Mawu apansiwa amafuna mpweya wambiri nchifukwa chake mumaona za mainchi 10, 12 ngakhale 15, monga momwe ng'oma yayikulu imalilira mozama kuposa kang'oma.

Koma chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi bokosi. Abwana analumikiza subwoofer ili pamtunda pa tebulo popanda bokosi, koni ikuvina zedi koma bezi ziii. Akuti koni ikakankha mpweya kutsogolo kumbuyo imakhala ikukoka, ndiye popanda chotchinga mpweyawo umangozungulira nkufafanizana. Atangoyika mu bokosi lotseka mbali zonse aaa zitseko za galaja kuyamba kulira. Bokosi lotsekeratu limatulutsa bezi yogwirana bwino komanso silidya malo ambiri mu buti, lokhala ndi bowo lija limaphokosera kwambiri pa mawu ena apansi koma limakula, ndipo bowolo samangoboola mwachisawawa ayi, kutalika ndi kukula kwake amachita kuwerengera molingana ndi sipikayo. Apa ndipomwe ndaona kuti anthu ambiri amaononga ndalama, kugula subwoofer yodula kenako kukauza kalipentala kuti angokhoma chibokosi chilichonse bola ilowe.

Za mawatsi nazo eee. Pa katoni alemba manambala akuluakulu a peak, mphamvu ya kakanthawi kochepa chabe, kuti ukopeke, pomwe yofunika kuyang'ana ndi RMS, mphamvu yomwe sipika ingapirire nthawi yayitali. Ampu igwirizane ndi imeneyo. Ukatenga ampu yaying'ono nkumapotokola gain, kabatani kokwezera mawu olowa mu ampu, mpaka kumapeto mawu amayamba kusweka, koyilo imatentha mpaka kupsa, ndipo fungo lake ukalimva kamodzi suyiwala.

Ma ohm, muyezo wa momwe sipika imatchingira magetsi, ndikulimbanabe nawo mmutu koma ichi ndachigwira: ma subwoofer awiri a 4 ohm ukawalumikiza parallel, pozitivi ku pozitivi negativi ku negativi, amatsika kufika 2 ohm, ampu imakoka magetsi ambiri, ngati siyinapangidwire 2 ohm imatentha nkuzizimitsa yokha. Waya wochokera ku batire akhale wonenepa, fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni osati ku buti, chifukwa waya akakhudzana ndi chitsulo panjira galimoto itha kuyaka. Nyali zikamaphethira bezi ikagunda dziwani kuti alternator, yomwe imatchaja batire, ikulemedwa, muyambe mwayeza imeneyo ndi batire musanathamangire kukagula ampu ina.