Udzu wosamva mankhwala: zimene ndatolapo pa phunziroli

Chimene chandimvekera bwino kwambiri pa phunziro la udzu wosamva mankhwala n'chakuti mankhwala ophera udzu sasintha udzuwo ayi, amangousankha. Pakati pa udzu wambirimbiri m'munda pamakhala kale wina wochepa wobadwa ndi mphamvu yopirira. Mukapopera, wofookawo umafa, wopirirawo n'kutsala ndi kubereka njere. Mukabwereza mankhwala omwewo chaka ndi chaka, ana a wotsalawo ndiwo amadzaza munda. Umu ndi mmene udzu wa Lolium rigidum unasiyira kumva mankhwala a glyphosate ku Australia mu 1996, Eleusine indica ku Malaysia mu 1997, ndi Phalaris minor m'minda ya tirigu ku India pa mankhwala a isoproturon.

Udzu umapulumuka m'njira zikuluzikulu ziwiri. Ina, enzyme (puloteni yoyendetsa ntchito za m'thupi mwa udzu) imene mankhwala amayenera kutseka imasintha pang'ono, mankhwala n'kulephera kugwirapo. Inayo ndiyo yoopsa: udzu umaphwanya mankhwalawo m'thupi mwake asanauphe, ndipo ukhoza kupirira ngakhale mankhwala amene sunakumanepo nawo. Kuchepetsa mlingo pofuna kusunga ndalama kumalimbikitsa njira imeneyi, chifukwa udzu wopirira pang'ono umatsala n'kuberekana ndi unzake.

Pamene ambiri amalakwitsa m'poyang'ana dzina la pabotolo. Mabotolo awiri a mayina osiyana akhoza kupha udzu mofanana. Yang'anani nambala ya gulu, imene imasonyeza njira imene mankhwalawo amaphera udzu: a Gulu 1 amatseka enzyme ya ACCase, a Gulu 2 amatseka ya ALS, glyphosate ali mu Gulu 9. Kuchoka pa mankhwala a clodinafop kupita pa a fenoxaprop si kusintha, onsewo ndi a Gulu 1.

Komatu si udzu uliwonse wotsala umene uli wosamva. Kamlomo ka sipuleya kotsekeka, madzi amatope, mvula yogwa mukangopopera, kapena udzu wokula kale, zonsezi zimalepheretsa mankhwala. Zikatero mitundu yambiri ya udzu imatsalira limodzi, kawirikawiri motsata mizere. Kayikirani pamene mtundu umodzi wokha watsala m'zigawozigawo, wobiriwira pambali pa unzake wakufa, ndipo chigawocho chikukula chaka chilichonse.

Zulani chigawo chotero njere zisanakhwime, ndipo tsukani makina okololera musanalowe nawo m'munda wina. Kasinthasintha wa mbewu amathandiza chifukwa amasintha nthawi yobzala ndi gulu la mankhwala. Sakanizani magulu awiri pokhapokha ngati lililonse, pa mlingo wake wonse, limaupha udzuwo palokha.