Zodyera ndi zomwera za mbalame: mmene bizinesi yathu inakulira

Ine ndine mpalamatabwa, mchemwali wanga amaumba miphika ya maluwa. Bizinesi yathu inachokera ku zotsala za ntchito ziwirizi: zidutswa za matabwa zosakwana ngakhale mwendo wa mpando, ndi mbale zadothi zokhazikapo miphika zomwe zinkatsala osagulidwa. Lero timapanga zodyera ndi zomwera za mbalame zakutchire, zija zimabwera zokha pakhomo n'kuuluka zokha zikakhuta. Ena akamva amafunsa ngati timazikola. Sitikola, ndipo amene akufuna msampha timamubweza.

Chomwe chinatitsegulira msika ndi madzi. Mbewu imaitana mbalame zodya mbewu basi, monga mpheta ndi njiwa, koma madzi amaitana zonse: apumbwa okonda zipatso, timbalame todya tizilombo, ngakhale zija simungazione pa chodyera chaka chonse. Mbalame imafuna kumwa komanso kusamba, chifukwa nthenga zauve sizisunga kutentha ndipo siziuluka bwino. Mchemwali wanga ndiye anaona kuti mabeseni omwe anthu amasiya panja mbalame zimangowazungulira. Ndi akuya komanso oterera. Kambalame kakang'ono sikasambira ngati bakha. Kamafuna kuima pansi madzi ali m'miyendo, n'kumakupiza mapiko. Ndiye mbale zathu zimayamba zosaya m'mphepete, n'kumazama pang'onopang'ono mpaka masentimita 5 pakati, osapitirira apo. M'kati samasalaza. Dongo likadali lofewa amalikanda ndi chipeso kuti zikhadabo zipeze pogwira, ndipo mbale iliyonse imapita ndi mwala wafulati woika pakati.

Palinso kachinthu kena kotchipa komwe kamagwira ntchito kuposa zonse zomwe timagulitsa. Ndi botolo lobooledwa ndi singano kunsi, lopachikidwa pamwamba pa mbale kuti lizidontheza madzi. Mbalame zimamva kudontha kuja komanso zimaona madzi akunyezimira zili patali, n'kutsika. Ili sitigulitsa n'komwe, timangowauza makasitomala kuti akapange.

Ku mbali ya matabwa kunali mkangano, ndipo sunathe mpaka pano. Makasitomala amakonda zodyera zooneka ngati tinyumba, zokhala ndi khonde, mazenera, penti wowala ndi tizipinda. Zimagulidwa msanga, ndipo kuzipanga ndimatha. Koma ndinaika lamulo limodzi m'shopu: chomwe sichingamasulidwe n'kutsukidwa sitipanga. Chifukwa chake n'chakuti pachodyera pamakumana mbalame zambiri pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, zomwe kutchire sizichitika kawirikawiri. Imodzi ikadwala, zinzake zimatengera pomwepo.

Izi si nkhambakamwa. Ku Britain, kuyambira mu 2005, kachilombo kotchedwa Trichomonas gallinae, komwe kanali kodziwika kale pa nkhunda ndi njiwa, kanalowa mu timbalame todya mbewu. Kamatupitsa kukhosi, mbalame imalephera kumeza, imalavula mbewu ili ndi malovu, ina n'kudzatola. Mbalame yotchedwa greenfinch, yomwe inali yosasowa m'mabwalo a nyumba kumeneko, inachepa kwambiri moti mu 2021 inaikidwa pa mndandanda wa mbalame zomwe zili pangozi yaikulu m'dzikolo. Ku United States, mu 1994, kunabuka matenda otupitsa maso a mbalame yotchedwa house finch, ndipo zodyera zinathandiza kuwafalitsa. Munthu wogulitsa zodyera akamva zimenezi n'kupitiriza kukhoma tinyumba tosatsukika, ndiye kuti akudyera pa imfa ya mbalame zomwe akuti amazikonda. Ine mtima wanga sungalole.

Choncho zodyera zathu n'zosadzionetsera. Denga limatseguka ndi masikuluwu awiri. Pansi pake si thabwa koma waya wa sefa wosachita dzimbiri, womwe umasololoka, kuti madzi a mvula azidutsa ndipo mbewu isanyowe. M'kati sitipaka penti kapena vanishi, ndipo matabwa omwe anathiridwa mankhwala a chiswe sitiwagwiritsa ntchito. Makona timawasalaza kuti bulashi ifike paliponse. Ngakhale kukula kwake tinakuchepetsa dala, kuti muzilowa chakudya cha tsiku limodzi kapena awiri basi. Kasitomala akadandaula kuti azivutika kuthiramo pafupipafupi, ndimamuuza kuti cholinga chake n'chomwecho, chifukwa wothira pafupipafupi amaonanso msanga pakada.

Chilichonse chimatuluka m'shopu ndi kapepala ka malangizo komwe mchemwali wanga analemba. Chodyera chizitsukidwa pakatha milungu iwiri iliyonse, kapena pafupipafupi kuposa apo nyengo ya mvula, ndi muyezo umodzi wa klorini wochapira zovala pa miyezo 9 ya madzi. Kenako chitsukuluzidwe n'kuyanikidwa mpaka chiume gwa, popeza kachilombo kaja sikakhalitsa pouma. Madzi a m'mbale azisinthidwa tsiku lililonse, kapena osapitirira masiku awiri. Apa pali phindu lina: udzudzu umafuna pafupifupi mlungu wathunthu kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka, ndiye madzi otayidwa pafupipafupi sauswetsa. Ndipo mukaona mbalame yofufuma nthenga, yosathawa anthu, kapena yonyowa kukamwa, chotsani zonse kwa milungu ingapo kuti gulu libalalike. Sizifa ndi njala, zimadziwa kwina kokadya.

Chakudya sitigulitsa chambiri, koma timalankhulapo kwambiri. Mpendadzuwa ndiye mbewu yokondedwa ndi mitundu yochuluka, makamaka wakuda wa khungu lopyapyala, chifukwa uli ndi mafuta ambiri ndipo savuta kuswa. Mawere ndi mapira amakomera njiwa ndi mpheta, zomwe zimakonda kutola pansi. Chipatso chodulidwa pakati n'kubayidwa pa kamtengo chimabweretsa apumbwa. Buledi amangodzaza mimba popanda thanzi, ndipo zamchere n'zosayenera. Pa mtedza ndiye timachenjeza kwambiri. Anthu amaganiza kuti mtedza wowonongeka, womwe iwo sangadye, ungapite kwa mbalame. Chuku cha pa mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo poizoniyu anadziwika chifukwa cha mbalame zomwe: mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wachuku. Ngati anagwetsa nkhukundembo, kambalame kokwana m'dzanja kangapirire bwanji? Kwa ofuna timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa, muyezo ndi umodzi wa shuga woyera pa miyezo 4 ya madzi, popanda uchi kapena utoto, ndipo kukatentha azisinthidwa pakatha masiku awiri asanasase.

Ntchito ina yomwe sitinaiganizire poyamba, koma lero ndi gawo lalikulu la bizinesi, ndi yokaikira anthu zinthuzi pakhomo pawo. Malo olakwika amapha. Mbalame siona galasi, imaona mitengo ndi thambo zomwe zikuonekera m'galasimo. Kafukufuku wa Scott Loss ndi anzake wa mu 2014 anayerekeza kuti ku United States kokha mbalame pakati pa 365 miliyoni ndi 988 miliyoni zimafa chaka chilichonse powomba nyumba, makamaka mazenera. Daniel Klem, yemwe wafufuza nkhaniyi kuyambira m'ma 1970, anapeza kuti chodyera chikakhala pafupi kwambiri ndi zenera, mkati mwa mita imodzi, mbalame yodzidzimuka imakhala isanatenge liwiro loti n'kudzivulaza. Ndiye timaika pafupi chotero, apo ayi kutali ndithu, kupitirira mamita 10. Chachiwiri ndi mphaka. Mbalame yonyowa imauluka molemera, choncho mbale imakhala pamtunda, pamalo oonekera mbali zonse, patali mamita awiri kapena atatu ndi chitsamba: pafupi moti mbalame ithawireko kabawi akabwera, patali moti mphaka asabisalemo n'kudumpha. Pakhomo pomwe pali amphaka ambiri oyendayenda ndimanena mosabisa kuti asagule, ngakhale ndalama ili kale m'manja.

Anzanga a ntchito ya matabwa amandidabwa kuti ndimaphunzitsa anthu kupanga okha. N'zoona, botolo lapulasitiki lobooledwa, lolowetsedwa kamtengo kopingasa, ndi chodyera chokwanira, ndipo chivundikiro cha ndowa chokhala ndi miyala ingapo ndi chomwera. Timaphunzitsa ana ndi akulu omwe, ndipo malonda sanatsike. Munthu akaona pumbwa akusamba pa chivundikiro chake m'mawa uliwonse, amayamba kufuna chinthu cholimba chosauluka ndi mphepo, n'kubwera. Amabweranso ndi mafunso: bwanji mbalame sizikubwera? Kawirikawiri yankho limakhala kudikira, chifukwa zimatha kutenga milungu zisanakhulupirire chinthu chachilendo. Nthawi zina yankho limakhala kudzala zitsamba ndi maluwa achilengedwe a m'deralo, popeza mbalame zambiri, ngakhale zodya mbewu, zimalera ana awo ndi mbozi ndi tizilombo, zomwe chodyera sichingapereke.

Panopa tikusintha katundu wathu wina. Kumayambiriro kwa 2025 bungwe loteteza mbalame la RSPB la ku Britain linaimitsa kugulitsa matebulo afulati odyetserapo mbalame, poopa kuti mbewu yolavulidwa ndi mbalame yodwala imatsalira pamenepo. Ife tinali ndi mtundu umodzi wotero, wokondedwa ndi okonda njiwa, ndipo tauchotsa. M'malo mwake ndikuyesa chodyera chopachika chokhala ndi timabowo ting'onoting'ono, chomwe mbalame imatola njere imodzi osaponda m'chakudya. Vuto lomwe latsala ndi la njiwa, zomwe sizitha kutera pa kamtengo kakafupi. Kwa makasitomala amenewo tikuwauza kuti aziwaza mbewu pang'ono pansi pouma, yothera tsiku lomwelo, ndipo malowo azisinthasintha.