Mayeso a za malo ndi nyumba ndakhoza, koma fotokope ija ikundiwawabe

Zotsatira zatuluka dzana, mtima wakhala m'malo. Anzanga amene timapezera limodzi anthu nyumba za lendi ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa kuti ndinkawerenga nthawi yanji, poti ntchito ya uejenti ilibe nthawi yoweruka. Foni imalira ngakhale uli pa nsima.

Ndinali ndi masabata 10. Poyamba ndinamata ndondomeko pakhoma, maola atatu madzulo aliwonse. Inagwira ntchito masiku anayi basi. Madzulo ndi pamene anthu oweruka kuntchito amafuna kukaona nyumba, ndiye ubwereko wanyowa ndi mvula yamawawa, upeze magetsi athima, buku ulione bwanji? Ndinasintha n'kumadzuka 4 koloko m'mawa, bulangete kumutu, chifukwa kuzizira kwa Mzuzu mu June inu mukukudziwa. Maola awiri amenewo ndi amene andikhozetsa.

Koma musanawerenge chilichonse, onani chaka chimene chalembedwa pa lamulo la za malo limene mukufuna kuwerengalo. Ine ndinapita pa shopu ina yojambula mapepala m'tauni muno. Mnyamata wake anatulutsa mtolo n'kunena kuti, "Bwana, zonse zili momwemu, ophunzira onse amatenga izi." Ndinalipira K15,000, n'kudikira kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko masana, uku inki yatha, uku makina akudya mapepala. Tsiku lonse linapita, ndipo munthu amene ndimayenera kumuonetsa nyumba ku Katoto anatengedwa ndi ejenti wina. Mtolowo ndinauloweza masabata awiri athunthu. Loweruka lina pagulu lathu lowerengera, mayi wina amene amagwira ntchito kwa maloya anangosuzumira n'kuti, "Achimwene, mukuwerenga chiyani apa? Ili ndi la 1965!"

Land Act ya 1965 inalowedwa m'malo ndi ya 2016, imene inabwera pamodzi ndi Customary Land Act, ija yolola munthu kulembetsa malo a makolo kukhala customary estate. Ndipo malamulowa anawakonzanso mu 2022. Mtolo wanga munalibe chilichonse cha zimenezi. Nditabwerera kushopu kuja anandiyankha kuti, "Bwana, mwalembamo kale ndi bolopeni." Ndalama osabweza, ngakhale pepani. Ndinatuluka ndisanalankhule zoti n'kudzanong'oneza nazo bondo.

Masabata otsalawo ndinawagawa chonchi: Lolemba mpaka Lachitatu malamulo, Lachinayi ndi Lachisanu masamu, Loweruka mapepala a mayeso akale, wotchi ili patebulo. Ku malamulo chimene chinandivuta ndi kusiyanitsa Registered Land Act ndi Deeds Registration Act. Loyambalo limalembetsa umwini wa malo, lachiwirilo limalembetsa zikalata. Freehold (umwini wa malo wopanda malire a zaka) ndi lizi sizinandivute, nkhani ya lizi ya zaka 99 timaikamba ndi makasitomala tsiku ndi tsiku.

Masamu musawaderere. Ife tinazolowera kunena kuti puloti ndi ya 15 kwa 30, koma pa pepala amafuna mahekitala. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndiye puloti ija ya mamita 15 kwa 30 ndi mahekitala 0.045. Ndinkasokoneza ziro mpaka sabata yomaliza. Kuwerengera mtengo wa nyumba kuchokera pa lendi imene imabweretsa pachaka kumafunanso kuti dzanja lizolowere, kungoyang'ana zitsanzo sikuthandiza.

Ndaiwala za foni. Muziizimitsa. Pali malandilodi ena amene amaimba 5 koloko m'mawa kufunsa ngati wapeza wolowa m'nyumba. Akazi anga ndinawapempha kuti azisunga foniyo mpaka ana apite kusukulu, ndipo anaigwira ntchitoyo mwankhanza ndithu.

Ndibwerezenso, onani chaka, ndipo funsani ngati muli zosintha za 2022 musanapereke ndalama. Mtolo wa 1965 uja akuyatsira mbaula kunyumba, watsala pang'ono kutha.