Eilat, kumapeto kwa Malichi: tsiku la mphepo ya kumpoto

Mphepo lero inali ya kumpoto, yosalimba, ndipo kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Kuno ku Eilat, kumwera kwenikweni kwa Israel pamene Nyanja Yofiira imathera, mvula ya chaka chathunthu nthawi zambiri siikwana mamilimita 30. Komabe kuyambira Febuluwale mpaka Meyi mbalame zochokera ku Africa zimadutsa pano mwaunyinji, popita ku Ulaya ndi ku Asia kukaswa. Zimafika zitawoloka Sahara ndi Sinai, makilomita pafupifupi 2,000 opanda chakudya chodalirika. Tsiku loonera mbalame kuno limakonzedwa potsata dzuwa. Malo alionse ali ndi ola lake, ndipo mukaliphonya mumangopeza miyala.

Kusanache tinali kale ku paki ya mbalame ya IBRCE (malo oonera ndi kufufuza za mbalame), kumpoto kwa tauni, pafupi ndi chipata cholowera ku Jordan. Malowa kale anali dzala la zinyalala. Anawakonza m'zaka za m'ma 1990, dambo lamchere limene mbalame zinkatsikirapo litatha ndi nyumba, minda ndi maiwe opangira mchere, ndipo anabzalamo zitsamba za Suaeda zimene timbalame totopa timakonda kudya. Maukonde ogwirira mbalame zoti zivekedwe mphete amatsegulidwa kudakali mdima. Ndi aulusi wopyapyala, maso ake mamilimita 16, ndipo amayenderedwa pasanathe mphindi 30 zilizonse. Mbalame ikachotsedwa imalowa m'kathumba kansalu, imodzi pa kathumba. Patebulo ndondomeko yake siisintha: kudziwa mtundu, kuveka mphete ya nambala kumwendo, kuyeza phiko pa lula, kuuzira nthenga za pachifuwa ndi pamimba kuti mafuta aoneke, kenako sikelo, mutu uli pansi m'kachubu kuti isaphiriphithe. Mafutawo amaoneka achikasu pansi pa khungu, ndipo amapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 8. Ntchitoyi ndi ya anthu ophunzitsidwa, okhala ndi chilolezo. Mlendo amaimirira pambali ndi kuyang'ana.

Zambiri m'mawa uno zinali Lesser Whitethroat, Chiffchaff ndi Blackcap. Blackcap imodzi yaimuna, ya kachipewa kakuda pamutu, itauziridwa nthenga inalibe chikasu paliponse, fupa la pachifuwa litatuluka, minofu ya mbali zonse ziwiri itaphwa. Yonenepa imapitirira magalamu 20, koma iyi sinafike 16. Paulendo wautali mbalame ikamaliza mafuta imayamba kudya minofu yake, ndipo matumbo nawo amachepa. Ikatera siingathe kudya kwambiri tsiku lomwelo; imafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti m'mimba mubwerere. Ichi ndicho chifukwa chake kuthamangitsa kambalame ka m'chitsamba kuti mupeze chithunzi chabwino ndi kulakwa kwakukulu kuno. Kuimba kulira kwa mbalame pa foni nakonso ayi. Mukaima chete, dzuwa lili kumsana, mamita 10 kuchokera pa mtengo wa mthethe umene uli ndi maluwa, zimatuluka zokha. Motero ndi momwe Rüppell's Warbler yaimuna inaonekera, khosi lakuda, mzere woyera kuchokera kumlomo, diso lofiira.

Pofika 8 koloko tinali pa msewu wa nambala 12 wokwera kumapiri, cha ku Mount Yoash. Mbalame zolusa zimagona m'mapiri ndipo sizinyamuka m'mamawa, chifukwa zimadikira kuti miyala itenthe. Mpweya wotentha ukayamba kukwera zimalowamo, n'kumazungulira osakupiza mapiko mpaka pamwamba, kenako n'kutsetsereka molunjika kumpoto chakum'mawa kukapeza mpweya wina. Pamwamba pa nyanja mpweya wotere palibe, n'chifukwa chake zimapanikizana pa kamtunda aka. Mphepo ya kumpoto imazisunga m'munsi kwa kanthawi, ndipo maola awiri oyambawo ndiwo golide wa tsikuli: zina zimadutsa m'chigwa, inu mukuziona pamsana.

Sabata ino mwini mlengalenga ndi Steppe Buzzard. Wa ku Malawi kapena ku Zambia amene amayang'ana mapolo a magetsi m'nyengo ya dzinja amaidziwa: mbalame yofiirira imene imakhala phee pamtengo m'mbali mwa msewu kuyambira cha mu Novembala, n'kusowa chimanga chikamakhwima. Zikasowa kumeneko, zambiri njira yake ndi ino. Kuzizindikira kumavuta poyamba chifukwa zina ndi zofiira, zina zotuwa, zina zakuda bii. Musadalire mtundu wa thupi. Yang'anani mapiko aafupi otambalala, nthenga zikuluzikulu zoyera kunsi zokhala ndi mkombero wakuda, ndi mchira umene kawirikawiri umafiira dzuwa likauwomba. Pakati pake panali Black Kite, mbale wake wa mphamba uja wolanda anapiye, mchira wa mphanda ukupotokapotoka, mapiko atagwa pang'ono. Booted Eagle imodzi inabwera molunjika, timadontho tiwiri toyera m'mapewa tikuwala. Steppe Eagle zinali zochepa, ndipo pafupifupi zonse zazing'ono msinkhu, zodziwika ndi lamba woyera pakati pa phiko kunsi. Zazikulu zinadutsa kale mu Febuluwale ndi kuchiyambi kwa Malichi. Chiombankhanga chimenechi chinaikidwa m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yotha mu 2015, ndipo chilichonse chodutsa chimafunika kulembedwa ndi msinkhu wake womwe.

Kuwerenga ndiko kumene anthu ambiri amasokera. Musawerenge zikuzungulira, chifukwa mbalame imodzi mudzaiwerenga katatu. Dikirani ziyambe kutsetsereka mumzere, sankhani nsonga ya phiri ikhale malire, muwerenge zodutsa pamenepo zokha. Yambani ndi kuwerenga 10 imodziimodzi kuti diso lizolowere kukula kwa gulu, kenako muziwerenga makumimakumi, chala chikudina kamakina kowerengera kamodzi pa 10 zilizonse. Mtundu uliwonse ukhale ndi kamakina kake. Mukakhala awiri gawanani thambo, wina kum'mawa wina kumadzulo, ndipo muzilemba pa ola lililonse pamodzi ndi mphepo. Mwa njira imeneyi ndi momwe zinadziwikira kuti m'nyengo ya 1985 mbalame zolusa zoposa miliyoni imodzi zinadutsa pa Eilat, zambiri mwa izo Honey Buzzard, zimene nthawi yake ndi kuchiyambi kwa Meyi. Levant Sparrowhawk zimabwera chakumapeto kwa Epulo.

Cha m'ma 11 koloko mzere wa mbalamezo unakwera mpaka kusowa. Zinali zikudutsabe, koma pa thambo lopanda mtambo diso lilibe pogwira. Chothandiza ndi kulunjika mabainokyula pa phiri lakutali kuti aone bwino, kenako kuwakweza pang'onopang'ono osakhudzanso gudumu. A 8x42, okuza ka 8, amaposa a 10x42, okuza ka 10, pa ntchito iyi popeza amaona malo otakata ndipo sagwedera kwambiri m'manja. Telesikopu nthawi imeneyi imayamba kunama: mpweya wotentha umanjenjemera, ndipo mukakuza kupitirira ka 30 mumangokuza kunjenjemerako.

Masana ndi opuma, ndiponso osamalira zida. Fumbi la kuno ndi mchenga weniweni, ndipo mukapukuta galasi ndi malaya mumalikanda mpaka kalekale. Yambani ndi kupemerera ndi kapampu kamphira, kenako kabulashi kofewa, nsalu pomaliza. Mabainokyula asatsale padashibodi, kutentha kumawononga mphira ndi zomatira za mkati. Madzi akhale malita 4 kapena 5 pa munthu, ndipo muzimwa ludzu lisanabwere, chifukwa thukuta limauma musanalione ndipo mutu umayamba kuwawa mosachenjeza. Galimoto isaime m'khwawa louma ngati kumapiri kwachita mitambo. Madzi amatsika kuchokera kutali ngakhale pamene muli sipanagwe dontho. M'malo otetezedwa yendani m'njira zolembedwa zokha, ndipo zikwangwani za malire ndi za malo ophunzirira asilikali muzizimvera.

Chakumadzulo tinapita ku maiwe a mchere a KM20, kumpoto kwa tauni pa msewu wa nambala 90. Apa galimoto ndiyo chobisalira chanu. Mukatsika, zonse za m'mphepete zimauluka, ndipo mafuta amene zakhala zikusonkhanitsa tsiku lonse amapita pachabe. Yendani pang'onopang'ono pa mgula, zimitsani injini, ikani telesikopu pa kathumba ka mchenga pawindo, ndipo khalani mbali ya kumadzulo kuti dzuwa lisakuthobweni m'maso. Flamingo zinali pakati pa madzi monga mwa masiku onse, pamodzi ndi Slender-billed Gull zapinki pachifuwa. M'mphepete munali Kentish Plover, Black-winged Stilt, Ruff ndi Little Stint, mitundu iwiri yomalizayi imaonekanso m'matope a nyanja ya Chilwa. Little Stint ndi kambalame ka magalamu 25 okha, koma ulendo wake umathera kugombe la Arctic. Anamzeze ankadutsa mmodzimmodzi, m'munsi kwambiri, onse kuloza kumpoto osabwerera. Namzeze wa paulendo mumamudziwa motero: wosaka chakudya amapita uku ndi uku, wodutsa amangolunjika.

Ola lomaliza linali la ku North Beach, pafupi ndi malire, nyumba za Aqaba, mzinda wa ku Jordan, zikuoneka kumanzere. Nyanja Yofiira imatsogolera mbalame za m'madzi mpaka pano, pamene madzi amathera mwadzidzidzi. Gulu la abakha a Garganey linabwera m'munsi, n'kutembenuka pofika kugombe, n'kubwereranso kangapo. Amazengereza chonchi mpaka mdima, ndipo kenako amakwera n'kudutsa chigwa cha Arava, cha kumpoto kwa tauni, usiku. White-eyed Gull zinali pa zoyandama za m'madzi, ndipo Caspian Tern inadutsa ndi mlomo wake wofiira wonenepa. Telesikopu apa inagwiranso ntchito mpaka kukuza ka 60 popeza mpweya unali utazizira, koma miyendo yake inafunika kuifupikitsa chifukwa cha mphepo.

Zonse zalowa mu eBird, kaundula wa pa intaneti wa mbalame zimene anthu aona, madzulo ano, mndandanda wake pa malo alionse, osati umodzi wa tsiku lonse, chifukwa wofufuza amafuna kudziwa malo ndi ola. Mawa tiyamba ndi kuona mphepo. Ikayamba kuchokera kum'mawa imakankhira mzere wa mbalame zolusa kumadzulo, kutali ndi msewu, ndiye m'mawa wonse tikauthera m'minda ya Yotvata, makilomita 40 kumpoto, kusaka Yellow Wagtail, mapipit ndi Pallid Harrier.